Zipolopolo zosakankha kwambiri pa ulenje wa nyama zikuluzikulu

Zipolopolo zosakankha kwambiri ndi zipolopolo za mfuti zazitali zimene zikaphulika sizimenya mwamphamvu paphewa la munthu wowombera. Zambiri ndi zing'onozing'ono, za mamilimita 6.5 mpaka 8 m'mimba mwake, ndipo zinapangidwira asilikali kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Zodziwika kwambiri ndi .256 Mannlicher, 6.5×55, 7×57 Mauser ndi .303 British. Kwa zaka zoposa 100 alenje akhala akutsutsana ngati zipolopolo zotere zili zoyenera kuphera nyama zikuluzikulu monga njovu, njati ndi chipembere. Boma la Mchinji, lomwe kale linkatchedwa Fort Manning, ndi amodzi mwa malo amene zipolopolozi zinayesedwa pa nyama zoopsa.

Chifukwa chake mfuti imakankha

Wonga ukayaka mkati mwa mfuti umatulutsa mpweya wotentha umene umakankhira chipolopolo kutsogolo. Mpweya womwewo umakankhiranso mfuti kumbuyo, ndipo kumbuyoko kuli phewa la munthu. Kukankhaku kumakula ngati chipolopolo chili cholemera, ngati chikutuluka mothamanga kwambiri, komanso ngati wonga uli wambiri. Kumachepa ngati mfutiyo ili yolemera. N'chifukwa chake mfuti ziwiri zowombera chipolopolo chofanana sizikankha mofanana: yopepuka ndiyo imapweteka.

Chipolopolo cha 7×57 chimene asilikali ankagwiritsa ntchito chinkalemera magalamu 11 ndipo chinkatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 700 pa sekondi. Cha .375 H&H Magnum, chomwe kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, chimalemera magalamu 19 ndipo chimakankha pafupifupi katatu kuposa 7×57.

Vuto lalikulu la mfuti yokankha si ululu wa phewa ayi. Munthu amene mfuti yam'pwetekapo kangapo thupi lake limayamba kudzidzimuka isanalire n'komwe. Amatsinzina, amakoka chala mwachangu, ndipo mlomo wa mfuti umasuntha pang'ono. Kusuntha kwa pang'onoko kumakwanira kuti chipolopolo chimene chikanalasa mtima chikalowe m'mimba. Frederick Selous, yemwe ankasaka njovu m'zaka za m'ma 1870 m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, ankagwiritsa ntchito mfuti zothira wonga kukamwa, zofanana ndi gogodera koma zazikulu zedi, zowombera mpira wolemera magalamu oposa 100. Pambuyo pake iye anavomera kuti mfutizo zinamuonongera kawomberedwe kake.

Mmene chipolopolo chaching'ono chimaphera nyama yaikulu

Nyama siifa chifukwa chipolopolo chaikankha. Imafa chipolopolo chikafika ku ubongo, mtima, mapapo kapena msana. Choncho pamafunika zinthu ziwiri: kulasa malo oyenera, ndiponso kuti chipolopolo chilowe mkati mokwanira.

Zipolopolo zakale za asilikali zinali zazitali ndi zolemera poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo zinali zokutidwa ndi chitsulo cholimba kunsonga. Zinkalowa ngati mmene msomali umalowera m'thabwa pamene mwala wolemera chimodzimodzi ungangodunda n'kugwa. Pa njovu izi n'zofunika, chifukwa ubongo wake uli mkati kwambiri, kuseri kwa fupa lochindikala lokhala ndi timapanga ngati zisa za njuchi. Pa nyama za khungu lofewa monga ngoma, mphalapala ndi ntchefu alenje amasankha zipolopolo za nsonga yofewa, zimene zimafutukuka zikalowa m'thupi n'kusiya bala lalikulu. Ku Sweden ndi ku Norway chipolopolo cha 6.5×55 chakhala chikupha moose, nyama ya msinkhu woposa ng'ombe, kwa zaka zoposa 100.

Alenje a ku Fort Manning

Azungu asanabweretse mfuti zamakono, alenje a Chichewa ndi a Chingoni a dera la Mchinji ankasaka ndi mikondo, mauta, mbuna ndi mfuti za gogodera. Fort Manning inamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, nthawi ya nkhondo ya Angerezi ndi Angoni a Mpezeni, ndipo inatenga dzina la msilikali William Manning yemwe pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Nthawi imeneyo m'nkhalango za pakati pa Fort Manning, Fort Jameson (lero Chipata) ndi Kasungu munali njovu ndi zipembere.

Mmodzi mwa asilikali amene anasaka kumeneko anali Chauncey Hugh Stigand wa gulu la King's African Rifles. Iye ankadziwika ndi mfuti ya .256 Mannlicher, yomwe chipolopolo chake chimalemera magalamu 10 okha, ndipo ankawombera nayo ngakhale njovu. Mnzake Denis Lyell, wochokera ku Scotland, nayenso ankakonda mfuti zing'onozing'ono ndipo anasaka kwa zaka zambiri mu Nyasaland ndi North-Eastern Rhodesia. Awiriwa analembera limodzi buku la Central African Game and its Spoor lomwe linatuluka mu 1906, ndipo mu 1912 Lyell anatulutsa lina lotchedwa Nyasaland for the Hunter and Settler.

Zifukwa zimene ankakondera mfuti zotere n'zomveka. Ulendo wonse unali wapansi, ndipo mfuti yopepuka mlenje ankatha kuinyamula yekha tsiku lonse m'malo moipereka kwa wonyamula katundu amene angakhale patali ngozi ikafika. Zipolopolo zake zinali zotsika mtengo, choncho munthu ankatha kuyeserera kuwombera kawirikawiri. Komanso mfuti imodzi yomweyo inkakwanira kuphera ndiwo za anthu a pa ulendo.

Koma ulenje wotere sunali wamasewera. Mu 1905, akufunafuna njovu pafupi ndi Fort Manning, Stigand anakumana ndi chipembere m'tchire lowirira ndipo chinamubaya ndi nyanga pachifuwa n'kumuponyera m'mwamba. Anapulumuka, koma patsogolo pake anavulazidwanso ndi mkango komanso njovu. Anamwalira pa nkhondo ku Sudan mu 1919. Apa pakuyenera kutchulidwa kuti amene ankatsata mapazi a nyama, kudziwa kumene mphepo ikulowera ndi kulondola nyama yovulala anali anthu a m'midzi ya komweko, ngakhale kuti mbiri yonse inkapita kwa amene wagwira mfuti.

Bell ndi Taylor

Munthu amene dzina lake silisowa pa nkhani iyi ndi W.D.M. Bell, wotchedwa Karamojo Bell, yemwe anabadwa mu 1880 n'kumwalira mu 1954. Iye sanasake ku Malawi koma ku Uganda, Kenya, Sudan ndi maiko ena. Anapha njovu 1,011, ndipo pafupifupi 800 mwa izo anaziwombera ndi 7×57, chomwe ku England chinkagulitsidwa ndi dzina loti .275 Rigby. Chinsinsi chake sichinali mfuti yokha. Bell ankacheka zigaza za njovu zimene wapha kuti aone pamene ubongo uli, mpaka anadziwa poloza kuchokera kutsogolo, m'mbali ngakhale chakumbuyo. Anthu ambiri amene amatchula dzina lake pofuna kutsimikiza kuti chipolopolo chaching'ono n'chokwanira amaiwala mbali imeneyi. Chiwerengero chakecho chikuonetsanso mmene malonda a minyanga anasakazira njovu nthawi imeneyo.

Wa maganizo osiyana anali John Taylor wa ku Ireland, wotchedwa Pondoro, amene anasaka kwa zaka zambiri m'chigwa cha Zambezi, makamaka dera la Tete ku Mozambique. M'buku lake la African Rifles and Cartridges la 1948, Taylor sanakane kuti chipolopolo chaching'ono chimapha njovu chikalasa ubongo. Funso lake linali lakuti chimachitika n'chiyani chikaphonya ubongowo pang'ono. Iye ankati chipolopolo chachikulu chimatha kugwetsa kapena kukomola nyamayo kwa kanthawi, mlenje n'kupeza mpata wowomberanso, pamene chaching'ono chimangodutsa, nyama n'kupitiriza kubwera kapena kuthawa ndi bala.

Pamenepa mfundo ya Taylor ndi yolemera. Njati kapena njovu yovulala siopseza mlenje yekha. Imakabisala pafupi ndi madimba ndi njira za kumadzi, ndipo amene amakumana nayo ndi mayi wotola nkhuni kapena mwana wobusa mbuzi.

Malamulo a masiku ano

Mkanganowu boma linaulowerera. M'maiko angapo amene amalola ulenje wolipira, monga Zambia ndi Tanzania, njovu ndi njati siziloledwa kuwomberedwa ndi mfuti yochepera pa .375. Zimbabwe imafuna chipolopolo chosachepera mamilimita 9.2 komanso mphamvu yoikika. Choncho 7×57 ndi zinzake zatsalira nyama monga ngoma, mbawala ndi njiri, ndipo pa nyama zimenezi n'zothandizadi, makamaka kwa munthu wa thupi laling'ono kapena wongoyamba kumene.

Ku Malawi nyama zakutchire zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama, potsata lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992. Lamuloli litakonzedwanso mu 2017, munthu wopezeka wolakwa pa mlandu wokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere angathe kukhala kundende mpaka zaka 30. Kusunga mfuti nakonso kumafuna chiphaso chochokera kupolisi.

Zipembere zimene Stigand anakumana nazo kulibenso ku Mchinji, ndipo malo ambiri amene ankasakako lero ndi minda ya fodya, mtedza, soya ndi chimanga. Njovu zapafupi zili kumpoto, mu Kasungu National Park, komwe mu 2022 kunapititsidwa zina 263 kuchokera ku Liwonde. Njovuzi zikatuluka n'kulowa m'minda, kaya mbali ya Malawi kapena ya Zambia, ntchito yozibweza kapena kuwombera imene yafika poopseza miyoyo ya anthu ndi ya alonda a nyama aboma, osati mwini munda.