Ana Aŵerenge Paokha M'timagulu

Makolo a ku Nsaru, Kabudula ndi Mpingu amadziŵa bwino m'mene chipinda cha Sitandade 1 chimakhalira sukulu zikangotsegulidwa. Ana amadzaza pansi mpaka pakhomo, mphunzitsi ali mmodzi yekha. Vutoli linakula mu 1994 pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pafupifupi 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azisamala ana 60, koma ambiri amasamala oposa 100.

Chotsatira chake chinaoneka pa kafukufuku wa mu 2010. Ana pafupifupi 7 mwa 10 alionse a Sitandade 2 sanathe kuŵerenga ngakhale liu limodzi la nkhani ya Chicheŵa. Ambiri a iwo ankadziŵa kuyimba a e i o u pamodzi ndi anzao, koma poloza lembo limodzi mwana ankangoti kakasi. Kuyimba m'chigulu kumabisa mwana amene sakudziŵa.

Ntchito ya EGRA, imene inachitika kuyambira 2013 mpaka 2016, inafika m'sukulu za Lilongwe Rural West, ndipo mu 2016 ndondomeko ya kuŵerenga inafalikira dziko lonse. Njira yake njakuti mphunzitsi amayamba kuonetsa, kenaka amachitira limodzi ndi ana, pomaliza ana amachita okha. Ife tikuona kuti gawo lomalizali ndilo limavuta, pakuti ana 100 sangayesedwe mmodzimmodzi m'phunziro limodzi.

Apa ndi pamene timagulu timathandiza. Mphunzitsi amagaŵa ana molingana ndi pamene afika, osati msinkhu wao, nakonza malo anayi kapena asanu m'ngondya za chipinda ndi pansi pa mtengo. Pena ana amalumikiza zitsekerero za mabotolo zolembedwa maphatikizo: ma ndi la, mala, ga, li, mo ndi to, galimoto. Pena amalemba pamchenga ndi chala. Pena aŵiriaŵiri amaŵerengerana kabuku, wina akumvetsera ndi kukonza mnzake. Mphunzitsi mwini amakhala ndi kagulu ka ana otsalira m'mbuyo. Pakapita mphindi 10 kapena 15 amaomba m'manja, timagulu tisinthana malo. Zipangizo zake nzosagula: makatoni, makala, njere za chimanga. Aphunzitsi amene anadzera ku koleji amaidziŵa nzeru imeneyi ndi dzina lakuti TALULAR.

Koma tisanamizane kuti nzapafupi. Ntchito imene ana sanaichitepo pamodzi ndi mphunzitsi sangaichite paokha, amangosanduka aphokoso. Nchifukwa chake mphunzitsi wanzeru amayamba ndi malo amodzi, naphunzitsa ana kwa masiku angapo katengedwe ka zipangizo, kabwezedwe kake, ndi woyenera kumfunsa akasoŵa chochita. Mtsogoleri wa kagulu ayeneranso kuyang'aniridwa. Mwana akapatsidwa udindo sachedwa kuthyola kamtengo nayamba kukwapula anzake, ndipo mwana wamantha saŵerenga. Utsogoleriwo uzisinthidwa, atsikana ndi anyamata omwe.

Mvula ikayamba, malo a pansi pa mtengo amatha. Nyengo yomweyo m'madera ano a fodya ana ena amajomba chifukwa chothandiza kumunda ndi kusoka fodya, ndipo akabwerako kagulu kao kapita patsogolo. Kholo limene lajombetsa mwana sabata imodzi lidziŵe kuti mwanayo waphonya malembo angapo amene anzake akumangirapo mau.

Pali ntchito imene makolo ndi achinyamata angaigwire sabata ino. Achinyamata amene anatsiriza Fomu 4 angathe kudula makatoni ndi kulemba maphatikizo mwa malembo aakulu ooneka bwino, atafunsa mphunzitsi malembo amene ana afikapo. Amayi angasoke timatumba tosungiramo zitsekerero. Ndipo a komiti ya sukulu akakumana ndi mphunzitsi wamkulu, afunse ngati mabuku akufika m'manja mwa ana, kapena akungokhala m'kabati poopa kuti angang'ambike.