Masiku atatu pagombe tisanawoloke nyanja

Kwa ife a pa Likoma, boti la thanga ndilo ngolo yathu. Limatitengera nkhuni ndi chinangwa kuchokera kutsidya la Mozambique, ndipo usipa ukachuluka limatiwolotsa kupita ku Nkhata Bay, ulendo wa makilomita opitirira 50 pamadzi okhaokha.

Mwezi wa June chaka chatha ine ndi malume tinali ndi matumba a usipa wouma amene tinafuna kukagulitsa kumtunda. M'matumbamo ndi momwe munali fizi ya mwana wanga wa Fomu 3. Ndinkafuna tinyamuke m'mawa mwake, anzathu asanadzaze msika.

Madzulo ake malume anagwira chiwongolero nachigwedeza. Chinalira ngati chitseko chakale. Atachizula tinapeza kuti chitsulo chimene chimachilumikiza kumbuyo kwa boti chadyeka ndi dzimbiri, chatsala chowonda ngati msomali. Thabwa lozungulira chitsulocho linali litafumbwa moti chala chimalowa.

"Malume, timange ndi waya, tikakonzere ku Nkhata Bay," ndinatero.

"Iwe, mwezi uno ndi wa mwera. Wayayo ukamumangira pati akaduka pakati pa nyanja?"

Sindinayankhe, koma mumtima ndinakwiya.

Tsiku loyamba linathera pa chiwongolero. Mmisiri wina anasula chitsulo chatsopano, ife tikusema thabwa lina. Tsiku lachiwiri tinakokera boti pamchenga. M'mipata ya matabwa thonje lakale linali litawola, choncho tinalikolokosa n'kukhomeramo latsopano lonyika m'mafuta, kenaka n'kumata phula. Tsiku lachitatu tinayala thanga pansi. Linali ndi kang'ambi kakang'ono pafupi ndi msoko, koma malume anati kang'ambi kotere mphepo imakatsegula mpaka pansi pa kamphindi kochepa. Tinaika chigamba mbali zonse ziwiri. Chingwe chokwezera thanga pamlongoti nachonso chinali chitaperepeseka pamene chimakhulana ndi mtengo, ndiye tinagula china. Ndalama imene ndinasungira chakudya cha paulendo inathera pomwepo.

Tinanyamuka tambala woyamba atalira, nyanja ili bata. Titadutsa chilumba cha Chizumulu, mwera unayamba. Popita ku Nkhata Bay mphepo imeneyi imakukankha cha kumbuyo, moti boti limathamanga bwino, koma mafunde onse amamenya chiwongolero. Chikathyoka, boti limapingasa, ndipo funde lotsatira limalowa m'kati. Ine ndinkakapa madzi, malume atakakamira chiwongolero ndi manja awiri. Funde lililonse likamenya, maso anga ankapita pa chitsulo chija, ndikuganiza za waya wanga uja.

Tinakocheza dzuwa litapendeka, titanyowa koma katundu ali bwinobwino. Monga ndinkaopera, msika unali utadzaza ndipo usipa unali utatsika mtengo. Fizi sinakwane, ndinachita kukongola yotsalayo. Malume sananene kanthu za waya, anangondipatsa chikho cha tiyi.

Ndalemba izi chifukwa nyengo ya mwera yayandikiranso, ndipo m'madoko mwathu ndikuona maboti omangamanga ndi mawaya ndi malamba a matayala akunyamula anthu ndi katundu. Eni maboti, zulani chiwongolero muone chitsulo chake boti lidakali pamchenga. Inunso okwera, musachite manyazi kufunsa musanalipire. Ngongole yanga ija ndinamaliza kubweza mu September, ndipo mwana adakali pasukulu.