Tsobola Wakale Sawawa: Kusankha Buku Lophunzirira OpenGL

Mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza Folomu 4 nafuna kuphunzira kujambula zithunzi pa kompyuta sachedwa kukumana ndi dzina loti OpenGL. Limeneli ndi gulu la malamulo amene wolemba pulogalamu amauzira kompyuta kuti ijambule mizere, mitundu, kuwala ndi mithunzi. Mabuku ake ngochuluka pa intaneti, koma vuto lagona pa kusiyanitsa amakono ndi akale.

OpenGL inatulutsidwa ndi kampani ya Silicon Graphics m'chaka cha 1992, ndipo chiyambire 2006 ili m'manja mwa bungwe la Khronos Group. M'zaka zoyambazo munthu ankalemba glBegin, natchula nsonga za chithunzi imodziimodzi, namaliza ndi glEnd. Njira imeneyi inali yosavuta kumva koma yochedwa. M'chaka cha 2008 eni ake analengeza kuti yatha ntchito, ndipo mu 2009 anaichotsa m'malamulo amakono. Lero nsonga zonse zimatumizidwa pamodzi ku chipangizo chojambulira cha m'kompyuta, ndipo wolemba amakonza yekha timapulogalamu totchedwa shader m'chinenero cha GLSL.

Tsono, awerengi, chizindikiro nachi: mukaona glBegin m'phunziro loyamba, dziwani kuti mwagwira tsobola wakale. Maphunziro oyambirira a NeHe, amene anathandiza anthu ambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ali m'gulu limeneli. Choopsa n'chakuti mapulogalamu otere amayendabe pa makompyuta ambiri, kotero wophunzira amataya miyezi ndi ndalama zake za intaneti osazindikira kuti akunola khasu losalimira.

Nanga tiyambire pati? Maphunziro a LearnOpenGL, olembedwa ndi Joey de Vries, ngaulere ndipo amaphunzitsa OpenGL 3.3 mwatsatanetsatane, kuyambira pa kujambula chinthu cha ngodya zitatu. Palinso buku la OpenGL Programming Guide, koma funani limene linasindikizidwa mu 2013 kapena mu 2016, pakuti a m'zaka za m'ma 1990 amaphunzitsa njira yakale ija. Musanayambe, dziwani chinenero cha C++ ndipo bwererani ku masamu a vector ndi matrix a kusekondale, chifukwa ndiwo amatembenuza ndi kusuntha chithunzi.

Ena adzati OpenGL nayonso yakalamba, popeza Vulkan inabwera mu 2016 ndipo kampani ya Apple inaleka kuilimbikitsa mu 2018. Zimenezo n'zoona, koma Vulkan njovuta kwa woyamba kumene, ndipo nzeru za shader zimagwira ntchito konseko.

Inu aphunzitsi anzanga, musanapereke buku kwa mwana, yambani mwaona chaka chake ndi nambala ya OpenGL imene likuphunzitsa. Mwana sangakayike buku limene walilandira m'manja mwanu. M'gawo lotsatira tidzaona mmene shader imagwirira ntchito.