Katoni imodzi pa mphindi? Ku Njuli sizingatheke, bwana

Eni magolosale ati anyamata a masiku ano ngaulesi. Ati katundu akafika m'mawa kuchokera ku Limbe, dzuwa limachita kupendeka makatoni ali mbwee pansi, mashelefu ali mbee. Nawo anyamatawo ati mabwana akufuna munthu mmodzi agwire ntchito ya anthu atatu pa malipiro a munthu theka. Mkangano umenewu ndaumva ku Limbe, ndaumva ku Zomba, ndipo ndaumvanso pakati pa mizinda iwiriyi, pa Njuli m'boma la Chiradzulu, pomwe magolosale adandanda m'mphepete mwa msewu.

Ine ntchito yosanja katundu pa shelefu ndidaigwirako zaka ziwiri m'sitolo ina yomwe sindiitchula dzina, choncho ndikamalankhula sindikuchita kumva kwa anthu ayi. Funso langa ndi limodzi basi: kodi munthu mmodzi, wa manja awiri ndi msana umodzi, angasanje makatoni angati pa ola?

Mabwana ena omwe adayendako kunja, kapena amaonera za kunja pa foni, amabwera ndi nambala yawoyawo. Ati m'masitolo akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America wosanja katundu amayembekezeka kumaliza katoni imodzi pa mphindi, kutanthauza makatoni 60 pa ola. N'zoona, kumeneko ntchito imeneyi amaiyeza ndi makatoni pa ola. Koma mabwanawa satiuza mbali inayo. Kumeneko katundu amafika atasanjidwa kale pa matabwa, amachita kumukoka pa matayala mpaka pafupi ndi shelefu. Nthawi zambiri amasanja usiku kapena m'bandakucha, ogula kulibe. Makatoni ambiri adawakonza oti ukangong'amba chivindikiro umalowetsa katoni yonseyo pa shelefu. Ndipo palibe yemwe amalemba mtengo pa chinthu chimodzichimodzi, chifukwa timizere takuda tija ta pa paketi, tomwe tidayamba kugwira ntchito m'sitolo ku America mu 1974, ndi tomwe timauza makina mtengo wake.

Tsopano bwerani pa Njuli. Katundu amafika pa kalole ka hayala, mwina pa minibasi, mwinanso pa kabaza. Amatsitsira pakhonde. Tayala kulibe, tayala ndi mutu wa mnyamata. Tiyeni tiwerengere limodzi, inu amalonda masamu mumawadziwa kuposa ine. Tiyerekeze kuti afika mabelo 10 a shuga. Belo limodzi muli mapaketi 20 a kilogalamu imodzi, ndiye kuti onse pamodzi ndi makilogalamu 200, mapaketi 200. Kunyamula belo pakhonde, kudutsa nalo pakati pa ogula, kulitula ndi kubwerera, tinene mphindi ziwiri. Maulendo 10, mphindi 20 zapita. Kung'amba belo, kutenga paketi, kuliona ngati silinabooke, kuliika bwino kuti lisagwe, tipereke masekondi 6 pa paketi. Mphindi zina 20. Kulemba mtengo pa paketi lililonse, masekondi atatu, mphindi 10. Zonse pamodzi mphindi 50 pa mabelo 10. Pa ola lathunthu ndi mabelo 12, osati 60. Ndipo pamenepa mnyamatayo sanamwe madzi, sanapite kuseri, palibe yemwe wamuitana.

Nanga alipo wosanja katundu wa m'golosale yemwe amatha ola osaitanidwa? "Iwe, tapita ukasinthe ndalama iyi pa okala apo." "Tawanyamulira mayiwa chigubu cha mafuta ukawakweze minibasi." "Taona mwana uyo akutola chiyani." Yemweyo ndiye mlonda, yemweyo ndiye wosesa, yemweyo ndiye wotumidwa. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga asanu?

Pali ntchito inanso yomwe kunja kulibe. Ogula ambiri kuno sagula botolo lathunthu la mafuta ophikira kapena paketi lonse la shuga. Amagula za lero lokha. Ndiye wina ayenera kukhala pansi n'kumapungulira mafuta a m'chigubu cha malita 20 m'timachubu, kupima shuga ndi mchere m'timapepala, kudula sopo wa mtanda. Chigubu chimodzi chimenechi bwana amachiwerenga ngati katoni imodzi, chonsecho chadya theka la m'mawa wonse.

Ndiye pali fumbi. Njuli ndi kwawo kwa miyala, malole a kwale amadutsa tsiku lonse, ndipo m'chilimwe ukapukuta shelefu m'mawa, pofika masana ukhoza kulembapo dzina lako ndi chala. Wogula akaona chitini cha mkaka chili ndi fumbi amati n'chakalekale, amachisiya. Choncho usanasanje umayamba wapukuta, ndipo kupukutako sikuwerengedwa m'buku la aliyense.

Mitengo nayo siikhazikika. Mu May 2022 kwacha idagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 idagwanso ndi 44 peresenti. Masiku amenewo anthu ankakamba za ogula ndi eni masitolo, koma palibe adakamba za anyamata omwe ankafufuta ndi kulembanso mitengo ya sitolo yonse, ena kangapo pa mwezi umodzi. Katundu yemweyo, wosanjidwa kale, kumugwiranso kachiwiri ndi kachitatu.

Koma chachikulu chomwe chimatayika bwana akamakuwa kuti "fulumira" ndi ichi: kusanja kwabwino ndi kutulutsa katundu wakale, kuika watsopano kumbuyo, n'kubwezera wakaleyo kutsogolo kuti ayambe kutuluka ndiye. Zimenezi zimadya nthawi kawiri. Mnyamata wothamangitsidwa amangounjika watsopano kutsogolo, shelefu n'kuoneka yodzaza, bwana n'kusekerera. Pakatha miyezi itatu mumapeza majarini, mabisiketi ndi maheu kumbuyo masiku ake adatha kale. Pamenepo mwina mutaye mpamba wanu kudzala, mwina mugulitse n'kukumana ndi a Malawi Bureau of Standards kapena a CFTC, omwe amayendera masitolo ndipo akhala akulipiritsa chindapusa opezeka ndi katundu wotere. Mphindi 10 zomwe mudapulumutsa zija mudzazilipira ndi katoni yathunthu.

Zoyeza wantchito ndi wotchi sizinayambe lero. Mzungu wina wa ku America, Frederick Taylor, adalemba mu 1911 momwe adachititsira anyamata onyamula zitsulo pa fakitale ya Bethlehem Steel kuti achoke pa matani 12 ndi theka patsiku kufika pa matani 47. Mabwana ambiri amaikonda nkhaniyi. Koma Taylor yemweyo adalemba kuti pa zitsulo zolemera choncho munthu ankayenera kukhala atanyamula katundu kwa nthawi yosakwana theka la tsiku, nthawi yotsalayo manja ali opanda kanthu. Adakwezanso malipiro kuchoka pa $1.15 kufika pa $1.85 patsiku, ndipo pa amuna asanu ndi atatu alionse mmodzi yekha ndiye ankakwanitsa. Kwathu kuno tidatengako wotchi yokha, kupuma ndi malipiro tidazisiya konko.

Ngakhale bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO lidalangiza mu 1967 kuti mwamuna wamkulu asamanyamule yekha katundu woposa makilogalamu 55. Thumba la feteleza kapena la mpunga ndi makilogalamu 50, latsala pang'ono kufika pamalire. Koma nyengo ya dzinja ikayandikira muona mnyamata wa zaka 19 akutsitsa matumba otere lole yonse, kenako akuuzidwa kuti akwere pa mpando akasanje sopo pa shelefu ya pamwamba. Msana ukayamba kuvuta ali ndi zaka 30, bwana amangolemba wina.

Lamulo lathu la ntchito la mu 2000 likuti wantchito asapitirire maola 48 pa sabata, ndipo akagwira masiku asanu ndi limodzi otsatizana apume tsiku lathunthu. Maola oonjezera amalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo akagwira pa tsiku lake lopuma kapena pa tchuthi cha boma amalipidwa kawiri. Mu February 2024 boma lidaika malipiro otsikitsitsa a antchito wamba pa K90,000 pamwezi. Inu nomwe mukudziwa kuti ndi magolosale angati a m'mphepete mwa msewu omwe amatsegula 6 koloko m'mawa, kutseka 8 koloko usiku, Lamulungu lomwe. Amenewo ndi maola 14 patsiku. Munthu wa pa ola la 13 sangasanje ngati wa pa ola loyamba, olo mumukalipire bwanji.

Sindikunena kuti anyamata onse ndi angelo. Alipo ena lole ikangofika mimba imayamba kuwapweteka. Alipo ena amabisala kuseri kwa makatoni n'kumaona za mpira pa foni, kubetcha ndalama zomwe sanalandire n'komwe. Ndipo eni masitolo nawo zinthu zawathina. Ngati PTC, yomwe idayamba mu 1973 ndipo idali ndi masitolo dziko lonse, idatsekedwa mu 2022, nanga golosale ya chipinda chimodzi pa Njuli? Koma waulesi simungamudziwe ngati muyeso wanu ndi woti ngakhale wakhama sangaufike. Onse amaoneka olephera, ndipo wakhamayo ndi amene amayamba kuchoka.

Muyeso weniweni suchokera ku London. Bwana avule jekete tsiku lina katundu atafika, asanje yekha kwa ola limodzi, ogula ali momwemo, akupukuta, akulemba mitengo, akubweza wakale kutsogolo. Nambala yomwe apezeyo achotsepo pang'ono, chifukwa iye wagwira ola limodzi pomwe mnyamata agwira tsiku lonse. Asiyanitsenso katundu. Katoni ya machesi kapena ya Kamba siifanana ndi kireti ya mabotolo, ndipo mankhwala a mutu ndi mabatire, tinthu ting'onoting'ono tofunika kuwerenga, timachedwetsa kuposa belo la shuga. Pa tsiku la msika ndi pakutha pa mwezi, pomwe sitolo imadzaza, kusanja kuzichitika m'mawa zitseko zisanatsegulidwe, ndipo ola limenelo lilembedwe m'buku la malipiro.

Inu a mumsika zimenezi si zachilendo. Mayi wogulitsa tomato amadziwa kuti dengu limodzi kulisankha, kupatula woola ndi kupanga milu zimamutengera nthawi yaitali bwanji, ndipo mukamufulumizitsa tomato amaphwanyika. Wa kaunjika akatsegula belo sangayale zonse pa mphindi khumi. Kusiyana kwake n'kwakuti tomato akaphwanyika mayiyo amaluza zake. M'golosale botolo likagwa chifukwa cha "fulumira, fulumira", pakutha pa mwezi limadulidwa pa malipiro a mnyamata, pa mtengo wogulitsira, osati woodera.