Mimba Ikavuta, Amavomera Ndani?

Lero tili ku Chatinkha, mbali ya amayi oyembekezera pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Kuno n'kumene zipatala zing'onozing'ono zimatumiza mimba zovuta: mayi amene magazi ake akuthamanga kwambiri mpaka nkhope kutupa, wina mwana wapingasa, wina akutaya magazi, wina anachira kale mwa opaleshoni.

Kumudzi, mimba si ya munthu mmodzi. Ikakhala yoyamba, anankungwi amalangiza mtsikana pa mwambo wa chisamba. Zikathina, amafunsidwa mwamuna, apongozi, ngakhalenso mwinimbumba. Mutu umodzi susenza denga, zimenezo n'zoona. Koma adokotala akafika ndi pepala la chilolezo cha opaleshoni, wosayina ndi mayi mwiniwake, malinga ngati ndi wamkulu ndipo akuzindikira. Ngati sadziwa kulemba, amanyika chala chachikulu mu inki n'kudinda, mboni ikuona.

Komatu kudinda kokha si kuvomera. Anamwino amakhala kaye pansi pafupi ndi bedi, n'kufotokoza m'chinenero chimene mayiyo amamva: vuto n'chiyani, opaleshoni ithandiza bwanji, zoopsa zake n'zotani, njira ina ilipo kapena ayi, nanga akakana chingachitike n'chiyani. Iye ali ndi ufulu wofunsa, ngakhalenso wokana, popanda kumukalipira kapena kumuopseza. Kutseka kubereka nako kumafuna chilolezo chapadera. Sikulowetsedwa mozemba pa opaleshoni yotulutsa mwana. Koma mayi akakomoka, moyo uli pachiswe, madokotala amayamba apulumutsa, kenaka n'kudzafotokoza zonse akatsitsimuka.

Kafukufuku wa dziko lino wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Imodzi mwa mizu ya imfazi ndi kuchedwa kumanga mfundo, magazi akutayika uku achibale akudikira mawu a atsibweni.

N'chifukwa chake uphungu uyenera kuyambira ku sikelo, mutu uli wozizira, matenda asanayambe. Mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi woyembekezera azionana ndi achipatala kosachepera kasanu ndi katatu. Maulendo amenewa ndi mpata wokambirana za opaleshoni, za kupatsidwa magazi ndi zokakhala ku chidikiro.

Abambo, perekezani akazi anu ku sikelo, mukamve nawo limodzi. Amayi, funsani mpaka mutamvetsa, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo inu achibale, langizani mwachikondi, koma mawu omaliza muwasiyire mwini thupi.