Boti limadwalira padoko, limafera pakati pa nyanja

M'nyengo yotentha, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, Loweruka kukamacha mumzinda wa Perth ku Australia, maboti a injini amakhala atayamba kale kutsetsereka mumtsinje wa Swan, kudutsa padoko la Fremantle n'kulowa m'nyanja yamchere ya Indian Ocean. Ena amanyamukira ku Hillarys, kumpoto kwa mzindawu. Ambiri ulendo wawo umakhala wa ku Rottnest, chilumba chimene eni nthaka a mtundu wa Noongar amachitcha Wadjemup, chomwe chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 19 kuchokera ku Fremantle. Amenewa si maboti osakira ndiwo kapena onyamula matumba a chimanga, koma osangalalira, okhala ndi pogona, pophikira ndi chimbudzi m'kati. Popita nyanja imakhala itagona. Masana kumadzuka mphepo yochokera kummwera chakumadzulo, imene anthu akumeneko amaitcha Fremantle Doctor chifukwa imaziziritsa mzinda umene wapsa ndi dzuwa. Kwa amene wakhala pakhonde ndi dokotaladi, koma kwa amene ali m'boti pobwerera ndi mwera wakumeneko. Nthawi imeneyo, boti likuyendera mbali ndi mafunde, ana atayamba kusanza, ndi imene injini yomwe inalira bwinobwino m'mawa imakonda kutsokomola n'kuzima.

Mwini boti amati ndi tsoka. Ine ndikuti si tsoka, ndipo vutolo silinabadwe masana amenewo. Linabadwa miyezi yapitayo, boti lili phee padoko, likunyezimira ngati chikomekome cha mkuyu. Taganizirani msodzi wa usipa ku Msaka kapena ku Nkhata Bay. Injini yake ndi yakale, chivundikiro chinang'aluka kalekale, koma amailiza pafupifupi tsiku ndi tsiku. Mafuta sagonera m'thanki, ndipo khutu lake limadziwa kulira kwa injiniyo moti ikasintha mawu pang'ono chabe amadziwiratu. Boti la ku Perth, lokwera mtengo kuwirikiza kambirimbiri, limatha mwezi osagwedezeka, ndipo m'nyengo yamvula ndi yozizira yakumeneko, Juni mpaka Ogasiti, ambiri salikhudza n'komwe. Chimene chimapha maboti oterewa ndi kukhala, osati kuyenda. Ndipo matenda a kukhala sachuluka: amalowera m'mafuta, m'magetsi ndi m'madzi oziziritsa injini. Onsewa munthu wamba angathe kuwazindikira, ndipo ambiri angathe kuwachiza ndi sipanala ziwiri zitatu.

Tiyambe ndi mafuta, poti ndiwo amafotokoza chifukwa chimene injini imasankhira nthawi yoipitsitsa. Thanki ya dizilo ikakhala yosadzaza, mpweya wachinyezi umalowa, usiku kukazizira umasanduka mame pazipupa za thankiyo, ndipo madontho ake amatsikira pansi chifukwa madzi ndi olemera kuposa dizilo. Madzi ena amalowera pachitsekero chothirira mafuta, kalabala kake kakauma n'kung'ambika. Pamalire a madzi ndi dizilo pamamera tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya mafutawo n'kusiya nsenga zakuda zoterera ngati ndere. Boti likakhala pamadzi odekha a mtsinje wa Swan, nsengazo zimangogona pansi pa thanki, ndipo injini imalira mosadandaula. Likafika pa mafunde, thanki imavundulidwa monga momwe amavundulira thobwa lokhala pansi pa chidebe, nsenga zija zimakwera, paipi imaziyamwa, sefa ya mafuta imatsekeka. Choncho mphepo ya masana sipha injini ayi, imangoulula zimene zinali m'mimba.

Injini yosowa mafuta imalankhula isanafe. Imayamba kufooka, imakwera n'kutsika yokha, ukaipatsa moto imakana, kenako imazima pang'onopang'ono. Wodziwa akamva zimenezi sayamba ndi kugwira sipanala. Amayamba ndi kuona kumene mphepo ikukankhira boti, ndipo ngati madzi ndi osaya amaponya nangula, chifukwa kuzungulira Rottnest kuli miyala ya pansi pa madzi imene inaswapo zombo zikuluzikulu, monga City of York mu 1899. Akatero amatsegula chipinda cha injini n'kuwalitsa tochi pa sefa yoyamba, imene nthawi zambiri imakhala ndi kambale koonekera m'kati kunsi kwake. Dizilo wabwino amaoneka woyera bwino, ndipo madzi akakhalamo amaoneka atadikha pansi pake, mzere wolekanitsa uli mbee. Amamasula kabawuti kapansi, kukhetsera madziwo m'kabotolo, kuchotsa sefa yakudayo n'kuikamo yatsopano. Apa ndi pamene ambiri amagwera ulesi, chifukwa sefa yatsopano imalowetsa mpweya m'mapaipi, ndipo injini zambiri za dizilo siziyaka mpweya uli m'njira. Pamafunika kumasula kabawuti kotulutsira mpweya n'kupopa ndi chala kapampu kapambali mpaka thovu litatha, dizilo akutuluka yekhayekha. Ntchito yonseyi ndi ya mphindi 20 kwa amene anaiyeserapo padoko. Kwa amene akuiona koyamba, mutu uli pansi, fungo la dizilo lili m'mphuno, boti likuvina, ikhoza kukhala yosatheka. Ndipo sefa yapadera ikakhala kuti inatsala m'galaja kunyumba, nkhani yathera pomwepo.

Za magetsi n'zosachedwa kunena, ngakhale ndizo zimasowetsa anthu ambiri mtengo wogwira. Banja lakocheza pagombe la Rottnest, firiji ikuyaka, wailesi ikuimba, mafoni ali patchaja, ndipo madzulo kiyi akapotokoledwa kumangomveka kuti tche tche tche. Batire ya ma volt 12 yodzaza bwino, itapuma, imawerenga pafupifupi 12.6, ikatsika kufika 12.2 ndiye kuti yatha theka. Injini ikamalira, batireyo iyenera kukwera kufika cha m'ma 14, apo ayi ndiye kuti lamba wamasuka kapena alternator yatopa. Kachipangizo koyezera zimenezi n'kotsika mtengo kuposa chakudya chamasana cha banjalo. Komanso kawirikawiri batire imakhala ilibe mlandu. Mpweya wamchere umadya mitu ya batire ndi nsonga za mawaya, n'kusiya ufa wobiriwira kapena woyera umene umatchinga moto. Kumasula, kupala ndi kumanganso mwamphamvu kumadzutsa injini imene mwini wake anali atailira kale maliro. Ndipo munthu asachite manyazi kuona zazing'ono: kodi giya ili pa nyutulo, kodi kachingwe kozimitsira injini mwadzidzidzi kali m'malo mwake? Injini zambiri anazipanga dala kuti zisalire ziwirizi zikapanda kulongosoka.

Madzi oziziritsa ndiwo ofunika kuwamvetsa bwino, chifukwa apa kuchedwa kwa mphindi zochepa kumatha kupha injini yonse. Galimoto imadziziziritsa ndi mphepo yodutsa pa radiator, pomwe boti limamwa madzi a m'nyanja momwemo. Madziwo amalowera pabowo la pansi pa boti, kudutsa pampopi wotsekera, kulowa m'kasefa kogwira zinyalala, kenako pampu imawakankhira m'timapaipi tochotsa kutentha, n'kutulukira kumbuyo pamodzi ndi utsi. M'kati mwa pampuyo muli kagudumu ka labala kokhala ndi mapiko, kotchedwa impeller, kokwana m'dzanja. Kagudumu kameneka kamadalira madzi omwewo kuti katerere, moti kakazungulira pouma kamapsa posakhalitsa, mapiko ake n'kuthothoka. Kakakhalanso miyezi osazungulira, mapikowo amaumira mopindika momwe anagonera, n'kuyamba ming'alu. M'madzi a ku Perth zotseka njira sizisowa: udzu wa pansi pa nyanja umene mafunde amazula, mapepala a pulasitiki, ndi tinyama tonga phala toyandama, ta jellyfish, timene timachuluka mumtsinje wa Swan kukatentha. N'chifukwa chake woyendetsa wanzeru akangoliza injini amasuzumira kumbuyo kuti aone ngati madzi akutuluka, monganso msodzi wa pa nyanja ya Malawi amayang'ana ngati injini yake ikukodza. Belu la kutentha likalira, injini izimitsidwe, mpopi utsekedwe, kasefa katsukidwe. Ngati kasefa kali koyera, atsegule chivundikiro cha pampu. Akapeza mapiko athothoka, awerenge amene akusowa n'kuwasaka onse, chifukwa zidutswazo zimakatsamira kutsogolo m'timapaipi tija, ndipo kagudumu katsopano sikangathandize njira ili yotseka. Akamaliza asaiwale kutsegulanso mpopi, poti kuiwala kumeneku kumawotcha kagudumu katsopanoko nthawi yomweyo.

Pali zina zimene nyanja yathu yopanda mchere siitiphunzitsa kwenikweni. M'madzi amchere zitsulo zosiyana zikayandikana zimadyana, choncho pansi pa boti amamangirirapo tizitsulo ta zinki kapena aluminiyamu totchedwa anode, timene ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa pulopela. Tikatha theka timasinthidwa, ndipo sitipakidwa penti. Nkhono zomata pansi pa boti ndi pa pulopela zimalemetsa injini mpaka kutulutsa utsi wakuda. Kunja kwa Fremantle kulinso zingwe za miono yotchera nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja, ndipo chingwe chikakulunga pulopela injini imanjenjemera kapena kuzima mwadzidzidzi, mosiyana ndi kufooka kwa pang'onopang'ono kwa injini yosowa mafuta. Chimenechi ndicho tingachitche ngozi ya panjira.

Wina anena kuti zonsezi zinali zoona masiku a injini zakale, pomwe za lero zimayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo popanda makina a makaniko munthu sangadziwe chimene chavuta. Mbali ina akunena zoona. Injini za dizilo zamakono zimapopa mafuta ndi mphamvu yoopsa, yoti kumasula paipi yake injini ikulira kungabaye munthu pakhungu, ndipo kumeneko mwini boti asayerekeze kugwirako. Koma kompyuta sinachotse madzi m'thanki, sinaletse dzimbiri, sinasandutse labala kukhala chitsulo. Kunena zoona, injini zamakonozi ndizo zimadana kwambiri ndi mafuta akuda ndi batire yofooka kuposa zakale zija, zimene zinkameza chilichonse. Choncho luso la sefa, waya ndi impeller lakwera mtengo m'malo motsika. Ndiponso mwini boti amene angauze makaniko pafoni kuti injini inafooka pang'onopang'ono, m'kambale munali madzi, batire ikuwerenga 12.5, wamuchepetsera ntchito ndi theka.

Wina anenanso kuti ku Perth kuli opulumutsa, nanga kudzivutitsiranji. N'zoona, magulu opulumutsa monga a ku Fremantle ndi anzawo a ku Whitfords amamvetsera wailesi ndi kukoka maboti ofa, ndipo woyendetsa amalimbikitsidwa kuwauza ponyamuka kumene akupita, anthu amene ali nawo ndi nthawi yobwerera. Aliyense azichita zimenezo, ndipo madzi akamalowa m'boti kapena miyala ikayandikira aitane msanga pa tchanelo 16 cha wailesi ya VHF, osadikira kuti ayesere kaye mwayi. Koma tisaiwale kuti anthu amenewa ndi ongodzipereka, amene asiya mabanja awo pa Loweruka lomwelo. Boti lawo likamakoka munthu amene sefa yake inatha zaka zitatu osasinthidwa, silingakhalenso pafupi ndi wina amene wagwera m'madzi. Ndiponso wailesi yoitanira thandizoyo imadya moto wa batire yomwe ija yaphwa. Boma la Western Australia limafuna kuti woyendetsa boti losangalalira la injini yoposa mahosipawa 6 akhale ndi chiphaso chotchedwa Recreational Skipper's Ticket, koma chiphaso chimatsimikiza kuti munthu akudziwa malamulo ndi chitetezo, sichimuika manja m'chipinda cha injini ya boti lake.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi chakuti wodziwa pang'ono amawononga kuposa wosadziwa konse. Pa maboti a petulo mawu amenewa ndi a moyo ndi imfa. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, ndipo m'boti ulibe kothawira, umangodikha pansi ngati madzi m'beseni, kudikira kamoto kamodzi. N'chifukwa chake amalangiza kuyatsa fani yotulutsa mpweyawo kwa mphindi zinayi ndi kununkhiza m'chipinda cha injini usanapotokole kiyi, ndipo zipangizo zamagetsi za galimoto siziyenera kuikidwa m'malo mwa za boti ngakhale zikuoneka zofanana. Mapaipi a gasi wophikira, magetsi ochokera padoko ndi mabowo a pansi pa boti n'za amisiri ake. Koma malire amenewa amawadziwa ndi amene waphunzira. Safunsa anadya phula, ndipo yankho lake si kusala uchi koma kufunsa: kulipira makaniko ola limodzi lowonjezera kuti mwini boti aime pambali pake, asinthe yekha sefa ndi impeller makanikoyo akuyang'ana.

Nthawi yabwino yochitira zimenezi ku Perth ndi miyezi yomwe ija ya Juni mpaka Ogasiti, pamene mvula ikuwomba pamatenti a maboti ku Fremantle ndi ku Hillarys, madoko ali zii. Thanki ya dizilo isiyidwe yodzaza kuti mame asapeze malo, kalabala ka pachitsekero kaonedwe, batire ikhale patchaja yake, ndipo pakapita milungu ingapo boti litulutsidwe liyende mpaka injini itenthe bwino, chifukwa kungoiliza padoko sikukwanira. Pampu yokapa madzi a pansi pa boti iyesedwe pokweza ndi dzanja kachoyandama kake, poti mvula yokha imatha kumiza boti lomangidwa bwinobwino pampuyo ikafa. Zomwezi zikukhudzanso maboti a malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay, amene amadikira nyengo ya alendo, ndi boti lililonse la pa nyanja yathu limene limakhala pagombe kudikira mafuta, makamaka mafutawo akabwera m'zigubu zimene palibe akudziwa kuti dzulo munali chiyani. Mafuta otere adutse kaye pa sefa yolekanitsa madzi asanalowe m'thanki, ndipo sefa ziwiri zapadera ndi impeller imodzi zikhale m'chitini chotseka bwino m'boti momwemo, pamodzi ndi sipanala zake.