Tchuthi cha pa chipale ku Ulaya: zoti mufunse ejenti musanatulutse ndalama

Disembala akafika, kuno mvula ili wawawa ndipo nkhani m'maloko ndi ya matope ndi mtengo wa feteleza, pa Instagram ndi TikTok pamadzadza zithunzi za mapiri oyera mbee. Abale athu ena a ku Britain nawo amakhala momwemo, ana atavala majekete onenepa ngati timatumba ta chimanga, akutsetsereka pa chipale chofewa. Ukaona choncho funso limabwera lokha: kodi zimenezi zimadya ndalama zingati, nanga munthu amayambira pati?

Choyamba kudziwa ndi ichi: mtengo umene umalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa malonda nthawi zambiri umakhala wa ndege ndi pogona basi. Masewera enieniwo ali ndi bilu yakeyake, ndipo banja limene silinafunse limakaidziwira konko, ana atavala kale nsapato. Apa ndi pamene ejenti wa maulendo amafunikira. Kugula tikiti aliyense angathe pafoni. Chimene mukumulipirira ejenti n'chakuti akuonetseni bilu yonse mudakali kunyumba, komanso akusankhireni phiri logwirizana ndi miyendo ya banja lanu.

Masewerawo ndi otani?

Ski ndi timatabwa tiwiri tatitali tomangirira ku nsapato zolimba. Umagwira ndodo ziwiri, makina amakukweza pamwamba pa phiri, iwe n'kutsetsereka mpaka pansi. Ku Ulaya malo otchuka kwambiri ali m'mapiri a Alps, omwe anadutsa m'mayiko monga France, Switzerland, Italy ndi Austria. Nsonga yake yaitali kwambiri ndi Mont Blanc, yoposa mamita 4,800. Sapitwa wathu pa Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye mutha kuona kusiyana kwake.

Njira zotsetserekamo zimapatsidwa mitundu. Yabuluu ndi yosavuta, yofiira ndi ya amene azolowera, yakuda ndi ya akatswiri. Ku France kulinso yobiriwira, ya ongoyamba kumene. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ndi amene mukakambirane ndi ejenti.

Funso loyamba: tipite liti?

Nyengo yake m'malo ambiri imayamba mu Disembala n'kutha mu Epulo, koma masabata sakhala ofanana mtengo. Sabata ya Khirisimasi ndi ya Chaka Chatsopano ndi zodula zedi. Febuluwale nayenso amaluma, chifukwa sukulu za ku Britain, France ndi mayiko ena zimakhala pa tchuthi ndipo mabanja onse amakhamukira kumapiri nthawi imodzi. Mizere pamakina okwerera imatalika, malo m'sukulu zophunzitsa ana amatha msanga.

Pakati pa Januwale mitengo imatsika ndipo anthu amachepa, koma kumazizira kwambiri ndipo kumada msanga. Malichi ndi wabwino kwa ana aang'ono: dzuwa limakhalitsa, kuzizira kwachepako. Vuto lake n'lakuti m'malo otsika chipale chimayamba kusungunuka masana. Ndiye ejenti akakutchulirani tsiku, mufunseni ngati sabata imeneyo ikugundana ndi tchuthi cha sukulu za kumeneko, komanso kuti mtengo ungasinthe bwanji mutasuntha ndi sabata imodzi.

Funso lachiwiri: phiri liti?

Apa anthu ambiri amapusitsidwa ndi dzina. Chamonix ku France ndi dzina lalikulu, ndi kumene kunachitikira mpikisano woyamba wa Olympics wa nyengo yozizira mu 1924. Koma malo ake otsetserekera ndi omwazikana, umafunika kukwera basi kuchoka pena kupita pena, ndipo mbiri yake ndi ya njira zovuta. Kwa banja limene silinapondepo chipale, kunyamula ana awiri ndi ma ski awo m'basi m'mawa uliwonse si tchuthi ayi, ndi ganyu.

Kwa ongoyamba, chofunika ndi zinthu zitatu: njira zambiri zosavuta, sukulu yokhala ndi aphunzitsi olankhula Chingerezi, ndi pogona pafupi ndi pamene maphunziro amayambira. Malo ngati La Plagne ndi Les Gets ku France, kapena Serfaus ku Austria, amadziwika ndi mabanja. Avoriaz ndi mudzi umene m'kati mwake simuyenda magalimoto nthawi ya chipale, zomwe zimachepetsa nkhawa ya makolo. Ofuna zotsikirako mtengo amayang'ana Bansko ku Bulgaria kapena Soldeu ku Andorra.

Kutalika kwa malo nakonso n'kofunika. Zaka zino nyengo ikusintha ndipo malo otsika nthawi zina amakhala ndi udzu m'malo mwa chipale, mpaka kudalira cha makina. Malo okwera ndi odalirika. Val Thorens ili pa mamita 2,300, pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Zomba, ndipo chipale chimakhalitsa. Koma kumtunda choncho mphepo ndi yoopsa ndipo mpweya ndi wochepa, moti ena amamva mutu masiku oyamba. Ejenti wodziwa ntchito adzayamba wakufunsani zaka za ana, ndani anasewerako, ndiponso ngati pali agogo kapena wina amene sakasewera ndipo akufuna tauni yoti aziyendamo. Akangokupatsani phiri asanafunse zimenezi, dziwani kuti akungogulitsa zimene zili pa shelefu.

Mufunsenso za mtunda kuchokera pabwalo la ndege. Kuchoka Geneva kupita ku Chamonix ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa, pamene ku Val Thorens ndi pafupifupi maola atatu, msewu wokhotakhota. Loweruka ndi tsiku limene alendo ambiri amasinthana, ndiye misewu imadzadza. Kwa ochokera ku Malawi, ulendo umakhala utayamba kalekale, chifukwa palibe ndege yochoka kuno molunjika ku Ulaya. Umadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Mwana amene wagona pampando usiku wonse musamuyike pa ski tsiku lomwelo. Siyani tsiku limodzi lopuma.

Funso lachitatu: n'chiyani chimene sichili mu mtengowu?

Funso ili ndi limene limapulumutsa thumba. Uzani ejenti alembe chinthu chilichonse pachokha ndi mtengo wake.

Khadi yokwerera makina. Popanda iyo simukwera phiri. M'malo akuluakulu a ku France monga Les Trois Vallées, omwe ali ndi njira zokwana makilomita 600, khadi ya munthu wamkulu ya masiku 6 imapitirira mayuro 300. Koma wongoyamba kumene makilomita 600 akatani nawo? Malo ambiri ali ndi khadi yotsika mtengo ya dera laling'ono, ndipo m'malo ambiri ku France ana osakwana zaka 5 salipira. Funsani.

Zipangizo. Ma ski, nsapato, ndodo ndi chipewa cholimba amabwereka konko molipira. Osagula pa ulendo woyamba. Kubukiratu pa intaneti kumatsikirako kuposa kukalipira pakhomo la shopu.

Maphunziro. Apa musaumire. Zoti amalume anapitako kamodzi ndiye aphunzitsa aliyense, zimathera kuchipatala kapena kukangana. Ku France sukulu yodziwika ndi ESF, aphunzitsi ake amavala zofiira, ndipo amalandira ana kuyambira zaka 3. Funsani kuti gulu limodzi limakhala ndi ana angati, ndipo maphunziro ndi a m'mawa okha kapena tsiku lonse.

Zovala. Jekete ndi thalauza zosalowa madzi, magolovesi, masokosi aatali, zovala zam'kati zotentha ndi magalasi. Jinzi ndi malaya a thonje ayi, zikanyowa zimakuziziritsa kuposa kukhala wosavala. Majekete otere amapezeka ndithu pa kaunjika, chifukwa mabelo ambiri amachokera kumayiko ozizira komweko. Magalasi musawatenge ngati sitayilo: dzuwa likawala pa chipale limapweteka maso, ndipo khungu lathu lakudali nalo limapsa.

Chakudya ndi mayendedwe. Malo odyera a pamwamba pa phiri ndi odula. Nyumba yokhala ndi khitchini imathandiza banja kuphika lokha, pamene hotela yopereka kadzutsa ndi chakudya chamadzulo imapepuza mayi ndi bambo amene atopa. Funsaninso ngati galimoto yochokera pabwalo la ndege ili mu mtengo. Ndipo kumbukirani kuti ku Switzerland sagwiritsa ntchito mayuro, ali ndi ndalama yawo ya franc.

Funso lachinayi: nanga viza?

Wokhala ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen kuti alowe France, Italy, Austria kapena Switzerland. N'chimodzimodzinso pasipoti ya Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Abale a ku Britain mvetsani bwino apa: chilolezo chokhala ku Britain sichikulowetsani ku France. Ngati pasipoti yanu ikadali ya kumudzi, viza ikufunika, ngakhale mwana wanu ali ndi pasipoti ya Britain.

Kuyambira Juni 2024, munthu wamkulu amalipira mayuro 90, mwana wa zaka 6 mpaka 11 amalipira mayuro 45, ndipo wosakwana zaka 6 salipira. Banja la makolo awiri, mwana wa zaka 8 ndi wina wa zaka 4, ndiye kuti mayuro 225, osawerengera zolipira ku ofesi yolandira mafomu. Akakukanizani, ndalamayi sibwerera. Mutha kupempha viza kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke, ndipo yankho limatenga masiku 15, nthawi zina mpaka 45. Pasipoti iyenera kukhala yogwirabe ntchito kwa miyezi 3 kuchokera tsiku lobwerako. Mumapempha ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Mayiko ambiri a ku Ulaya alibe kazembe ku Lilongwe, ndiye ejenti akuuzeni msanga ofesi imene imalandira mafomu a dziko limene mwasankha. Mwana akamapita ndi kholo limodzi, pamafunika chiphaso chake chobadwira ndi kalata ya chilolezo ya kholo linalo.

Andorra ili ndi kamsampha kake. Dzikoli silili mu Schengen, koma kuti ukafike umadzera ku France kapena Spain, ndipo pobwerera umadzeranso komweko. Choncho pemphani viza yolola kulowa kangapo.

Ndipo musanalipire ndalama zonse za ulendo, funsani molunjika: viza ikakanika, mutibwezera zingati? Yankho likhale lolembedwa, osati la pakamwa.

Funso lachisanu: wina akathyoka mwendo?

Kuti mupeze viza ya Schengen mumafunika inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Anthu ambiri amaganiza kuti basi athana nazo. Ayi ndithu. Inshuwalansi zambiri za maulendo wamba siziphatikiza masewera a pa chipale pokhapokha mwawonjezera. Pamene ku France, kukutsitsa paphiri utavulala panjira yotsetserekera ndi ntchito yolipiritsa, ndipo pakabwera helikopita bilu yake imatha kuposa mtengo wa tchuthi chonse. M'dera la Savoie amagulitsa inshuwalansi yotchedwa Carré Neige pamodzi ndi khadi yokwerera makina. Ku Italy, kuyambira 2022, lamulo limafuna kuti wosewera ski akhale ndi inshuwalansi yolipira munthu wina amene angamuvulaze, ndipo mwana saloledwa panjira popanda chipewa cholimba. Uzani ejenti akuonetseni mzere weniweni papepala pamene palembedwa kuti masewera a pa chipale, kupulumutsidwa paphiri ndi kubwezedwa kunyumba zilimo.

Ejenti weniweni mumudziwa bwanji?

Masiku ano aliyense wokhala ndi tsamba la Facebook ndi zithunzi zotola amadzitcha ejenti. Ngati muli ku Britain, funsani nambala ya ATOL. Iyi ndi ndondomeko ya bungwe loona za ndege la Civil Aviation Authority, yoteteza ndalama zanu ngati kampani imene yakugulitsani ulendo wophatikiza ndege yagwa, ndipo mukalipira amayenera kukupatsani satifiketi yake. Ambiri amakhalanso mamembala a ABTA. Kuno kwathu, funsani ngati ali ndi ofesi yoti mutha kulowamo, chiphaso cha bizinesi, komanso ngati ndi ovomerezeka ndi IATA pogulitsa matikiti a ndege. Lipirani ku akaunti ya kampani, osati pa nambala ya foni ya munthu, ndipo tengani lisiti. Akakupatsani nambala ya buking'i, imbani kapena lembani ku hotela nokha mutsimikize kuti dzina lanu lilipo.

Wina akakulonjezani kuti viza ndi yosakayikitsa chifukwa ali ndi munthu wake m'kati, nyamukani. Viza amapereka ndi a kazembe, ejenti amangothandiza kukonza mapepala. Mufunseninso mmene iye amapezera phindu, kaya ndi komishoni yochokera ku hotela kapena ndalama imene mukumulipira inuyo. Wachilungamo sakwiya nalo funso limeneli. Ndipo popeza ndalama zakunja zimavuta kupeza m'mabanki athu, mugwirizane msanga kuti mulipira mu ndalama yanji, pa mlingo wa tsiku liti, ndiponso zotsala zikufunika pofika liti.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tengani pepala limodzi, lembani mizere iyi: ndege, galimoto, pogona, chakudya, khadi yokwerera, zipangizo, maphunziro, zovala, viza, inshuwalansi. Pitani nalo kwa maejenti awiri kapena atatu, aliyense adzaze mzere uliwonse ndi nambala. Amene wasiya mzere wopanda kanthu, mtengo wake sunathe. Mukawonkhetsa n'kupeza kuti chaka chino sizikukwana, palibe chamanyazi. Kuli bwino kudikira Januwale winayo kusiyana ndi kukaima pansi pa phiri, ana akuyang'ana anzawo akukwera, inu mukuwerenga zotsala mu akaunti.